Mlamba, msambo ndi Mgonero: kodi Levitiko akutsutsana ndi Yesu?

Mayi wina wa ku Nkhotakota, chakufupi ndi Chia, wafunsa motere:

"Aphunzitsi, ndithandizeni. Amuna anga ndi msodzi, ndiye kampango ndi mlamba pakhomo pathu sizisowa. Mnzanga wa Sabata anandiwerengera Levitiko 11 kuti nsomba yopanda mamba ndi yodetsedwa. Kutchalitchi kwathu amayi achikulire amatiuza kuti tikakhala kumwezi tisayandikire Mgonero, ati ndi Levitiko 15. Koma abusa amalalikira kuti chodetsa munthu ndi chotuluka mumtima, ndiponso kuti Yesu sanamukalipire mayi wokha magazi atamukhudza. Baibulo ndi limodzi lomweli. Kodi likudzitsutsa? Ine nditsate ziti?"

Mayi, funso lanuli si lachibwana. Paulo anadzudzula Petro pamaso pa anthu ku Antiokeya chifukwa cha nkhani yomweyi ya kudyera pamodzi (Agalatiya 2:11-14), ndipo atumwi anachita kuyitanitsa msonkhano ku Yerusalemu kuti ayithetse. Sindikunamizani kuti kusiyana kulibe. Kulipo, ndipo amene amawerenga Baibulo ali maso amakuona. Koma kusiyana kwake n'kwa njira imene ikupita patsogolo, osati kwa anthu awiri amene wina akunama. Kuti tikuone bwino, tiyambe ndi mawu amodzi amene atisokoneza kwambiri ife olankhula Chichewa, mawu akuti "wodetsedwa".

M'makutu mwathu, munthu wodetsedwa ndi munthu wauve kapena wochita zoipa. Ukamuuza mayi kuti ndi wodetsedwa, amamva ngati wamunena kuti walakwira Mulungu. M'Chihebri mawu ake ndi tame, ndipo mnzake wotsutsana naye ndi tahor, woyera. Levitiko 10:10 amauza ansembe kuti azisiyanitsa magulu awiri a zinthu: chopatulika ndi chinthu wamba, komanso chodetsedwa ndi choyera. Mawu akuti tchimo palibe pamenepo. Taonani zimene zinkamudetsa munthu: kubereka mwana, kukhala malo amodzi ndi mkazi wako wa ukwati, kudwala nthenda ya pakhungu, kukhudza mtembo. Munthu woika maliro a bambo ake ankakhala wodetsedwa masiku 7 (Numeri 19:11). Kodi kuika bambo ako ndi tchimo? Kulephera kuwaika ndiye kukanakhala kulakwa kwakukulu. Mulungu amene anati "mubalane, muchuluke" ndi yemweyo anati mayi wobereka mwana wamwamuna adikire masiku 40, wobereka wamkazi masiku 80, asanalowe m'malo opatulika (Levitiko 12). Sangalamule chinthu n'kuchitchanso tchimo. Mariya amake Yesu anasunga masiku amenewa, napereka nsembe ya anthu osauka, njiwa kapena maunda awiri (Luka 2:22-24).

Mankhwala ake akusonyezanso kuti sichinali chinthu cha mumtima. Kawirikawiri munthu ankasamba, kuchapa zovala, n'kudikira kuti dzuwa lilowe, basi. Yerekezani ndi zimene zili pa Levitiko 18 mpaka 20: chigololo, kupembedza mafano, kupereka ana nsembe kwa Moleki. Zimenezo madzi sazitha. Buku lomwelo likuti zimadetsa dziko lenilenilo mpaka liwasanze anthu ake. Ndiye m'Levitiko muli kudetsedwa kwa mitundu iwiri, kwa thupi kumene kumagwera aliyense, ngakhale mkulu wa ansembe, ndi kwa makhalidwe kumene munthu amachita kusankha. Ife tasakaniza ziwirizi m'mphika umodzi, ndipo amene apsa nawo mphikawo kwambiri ndi amayi.

Wina anganditsutse kuti, nanga bwanji mayi wobereka ankapereka "nsembe yauchimo"? Funso labwino. Nsembe yomweyo inkaperekedwanso poyeretsa guwa la nsembe (Eksodo 29:36), ndipo guwa silichimwa. N'chifukwa chake Jacob Milgrom, katswiri wachiyuda amene anathera zaka zambiri pa buku la Levitiko, ankati dzina loyenera ndi nsembe yoyeretsera. Ndipo pa msambo wa mwezi ndi mwezi, Levitiko 15:19-24 safuna nsembe iliyonse. Akungoti masiku 7.

Pali chinthu china m'mutu 15 chimene chimandipweteka mtima chifukwa sichiwerengedwa. Mutuwu umayamba ndi amuna. Mavesi 18 oyambirira akukamba za kukha kwa mwamuna, za mwamuna wotaya mbewu, ndi za mwamuna amene wakhala ndi mkazi wake, kuti onse awiri asambe ndipo ndi odetsedwa mpaka madzulo. Pa zaka zonse zimene ndaphunzitsa Baibulo sindinamvepo bambo akuuzidwa kuti akhale pa benchi tsiku la Mgonero chifukwa cha vesi 16 kapena 18. Koma ndawaona amayi. Ndikukumbukira Lamulungu lina m'tchalitchi cha m'mphepete mwa nyanja, anthu akuimba nyimbo ya Mgonero, mbale ikudutsa mzere ndi mzere. Mayi wina wachitsikana, atavala yunifomu yake yoyera bwino, anailandira mbaleyo n'kuipatsira mnzake osatengamo, maso ali pansi. Mzere wonse unadziwa chifukwa chake. Chinthu chimene ngakhale mlongo wake samuuza, tsiku limenelo anachilengeza mu mpingo popanda kuyankhula. Ngati tikufuna kusunga Levitiko 15, tisunge yense, kuyambira vesi 1. Ngati amuna tinawamasula, tanena tokha kuti mutuwu sutimanganso monga unkamangira Israele.

Nanga malamulowa anali a chiyani? Levitiko 15:31 akuyankha yekha: kuti ana a Israele angafe m'kudetsedwa kwawo podetsa chihema changa chimene chili pakati pawo. Nkhani yonse yagona pa chihema, kenako Kachisi. Mulungu anamanga nyumba yake pakati pa msasa, ndipo malamulowa anali ngati mpanda wozungulira nyumbayo. Milgrom anaona kuti zinthu zodetsa zonse zili ndi fungo la imfa. Mtembo ndi imfa yeniyeni. Khungu la wakhate limaoneka ngati la wakufa, monga Aroni ananenera za Miriamu pa Numeri 12:12. Magazi ndi mbewu ndi zinthu zonyamula moyo, ndiye zikamatayika, moyo ukutayika. Israele ankaphunzitsidwa ndi thupi lake, mwezi ndi mwezi, maliro ndi maliro, kuti Mulungu wake ndi Mulungu wa moyo, ndipo munthu amene wangochoka pa malire a moyo ndi imfa ayambe wapuma asanalowe pamaso pake. Ndimaona ulemu waukulu m'chiphunzitso chimenechi, ndipo sindifuna kuti Mkhristu aliyense achinyoze. Koma Kachisi amene mpandawu unkateteza anagwetsedwa ndi asilikali a Roma m'chaka cha 70. Tchalitchi chanu cha njerwa ndi malata si Kachisi wa ku Yerusalemu, ndipo tebulo la Mgonero si guwa la Aroni.

Tibwere ku mlamba. Mnzanuyo sananame. Levitiko 11:9-12 akuti zamoyo za m'madzi zodyedwa ndi zokhala ndi zipsepse ndi mamba. Chambo, usipa, utaka, mcheni ndi mpasa wa mu Bua zikulowa. Kampango, mlamba ndi bombe, zonse za khungu loterera zija, zikutsala kunja, pamodzi ndi nkhanu. Koma mutu womwewo ukuletsanso nkhumba, kalulu ndi mbira, ukuletsa mbewa pa vesi 29, ndipo pa tizilombo touluka ukungolola mtundu wa dzombe ndi ziwala, kutanthauza kuti ngumbi nazo zatuluka. Ambiri amati malamulowa anali a ukhondo ndi thanzi. Mwina phindu lotero linalipo, koma bukulo silinena choncho. Deuteronomo 14:21 amalola Mwisraele kupereka nyama yofa yokha kwa mlendo wokhala m'mudzi mwake, kapena kuigulitsa kwa munthu wa mtundu wina. Chikanakhala kuti nkhani ndi poizoni, Mulungu amene amati mlendo azikondedwa sakanalola zimenezo. Chifukwa chenicheni chalembedwa pa Levitiko 20:24-26, pomwe Mulungu akuti: ndakupatulani kwa mitundu ina, choncho inunso muzisiyanitsa nyama zoyera ndi zodetsedwa. Mbale ya Mwisraele inali chithunzi cha dziko lonse. Nthawi iliyonse akasankha nsomba iyi n'kusiya iyo, ankakumbukira kuti iye wasankhidwa pakati pa mitundu.

Ife tikudziwa bwino mmene chakudya chimagwirira ntchito yotere. Munthu amene sudya naye mbale imodzi, sukwatirana naye, ndipo milungu yake suidziwa. Kwa mtundu waung'ono wozunguliridwa ndi maufumu akuluakulu opembedza mafano, mpanda wa pa mbale unasunga chikhulupiriro zaka mazanamazana.

Abale athu a Seventh-day Adventist, amene ali m'dziko muno kuyambira pa Malamulo mu 1902, ali ndi mfundo zoyenera kuzimva, osati kuziseka. Amati Nowa ankadziwa kale nyama zoyera ndi zodetsedwa Mose asanabadwe (Genesis 7:2), ndiye si nkhani ya Ayuda okha. Amati mkangano wa pa Marko 7 unayamba ndi kusamba m'manja, osati ndi nkhumba, ndipo n'zoona, Mateyu 15:20 akutsekera nkhaniyo pa manja osasamba. Amatinso masomphenya a Petro a chinsalu chodzaza nyama ankanena za anthu, pakuti Petro mwini anamasulira kuti Mulungu wandionetsa kuti ndisanene munthu aliyense kuti ndi wodetsedwa (Machitidwe 10:28). Zonsezi ndimazivomereza kuti zalembedwa. Pamene ndimasiyana nawo ndi apa. Atatuluka m'chingalawa, Nowa yemweyo anauzidwa kuti zoyenda zonse zamoyo zikhale chakudya chake, kupatula magazi (Genesis 9:3-4). Marko, polemba mawu a Yesu akuti cholowa m'kamwa chimapita m'mimba osati mumtima, anaonjezerapo ndemanga yake kuti potero anayeretsa zakudya zonse (Marko 7:19). Ndipo za Petro, ngati malamulo a zakudya anali chithunzi cha kupatukana kwa Myuda ndi wamitundu, ndiye pamene kupatukanako kwatha, chithunzicho chatsala ndi ntchito yanji? Mulungu anasankha dala nyama kuti anene za anthu chifukwa ziwirizi zinamangidwa pamodzi kuyambira pa Levitiko 20. Petro anakhala masiku angapo m'nyumba ya Korneliyo, msilikali wa Chiroma ku Kaisareya, ndipo atabwerera ku Yerusalemu mlandu umene anamuimba unali wakuti unalowa kwa anthu osadulidwa n'kudya nawo (Machitidwe 11:3). Paulo naye akunena mosapita m'mbali kuti akudziwa, ndipo watsimikiza mtima mwa Ambuye Yesu, kuti palibe chinthu chodetsedwa pachokha (Aroma 14:14).

Chimene chimandilimbitsa mtima m'nkhani ya Petro n'chakuti iye sanamvetse msanga. Anayenda ndi Yesu, anamva yekha mawu a pa Marko 7, koma patapita zaka, ali padenga la nyumba ya m'mphepete mwa nyanja ku Yopa, anayankhabe kuti iyayi Ambuye, sindinadyepo chodetsedwa. Mawu anachita kubwera katatu. Ndiye amayi achikulire a kutchalitchi kwanu akamavutika kusiya zimene anakula nazo, musawaone ngati osapemphera. Ali pamene panali Petro.

Tsopano taonani chimene chinasintha mwa Yesu. Mneneri Hagai anafunsa ansembe mafunso awiri (Hagai 2:11-13). Munthu akanyamula nyama yopatulika m'chovala chake, chovalacho n'kukhudza mkate, kodi mkatewo upatulika? Anati iyayi. Nanga wokhudza mtembo akakhudza mkate, udetsedwa? Anati inde. Umo ndi mmene zinkayendera: chodetsa chinkafalikira, chopatulika chinkafuna kutchinjirizidwa. Werengani tsono Marko 1:40-44. Wakhate akugwada, Yesu akutambasula dzanja n'kumukhudza, ndipo m'malo moti Yesu adetsedwe, wakhateyo ayera. Pa Marko 5 nkhani ziwiri zalukidwa pamodzi. Mayi amene wakha magazi zaka 12, wothera chuma chake chonse kwa asing'anga, akubwera chakumbuyo mwakabisira, chifukwa akudziwa kuti aliyense amene wamugunda m'khamumo wamudetsa. Akhudza chovala, magazi aphwa. Yesu akanatha kungopitirira, mayiyo n'kupita kwawo wochira. Koma anaima, namufunafuna mpaka atatulukira akunjenjemera, ndipo pamaso pa khamu lonse, pamaso pa Yairo mkulu wa sunagoge, anamutcha mwana wake. Sanamuuze kuti wamudetsa. Atachoka apo analowa m'nyumba ya maliro n'kugwira dzanja la mtembo wa mtsikana wa zaka 12, mtsikanayo n'kudzuka. Khate, magazi, mtembo: zinthu zitatu zimene Levitiko ndi Numeri amati ndi mthunzi wa imfa, Yesu anazikhudza zonse, ndipo madzi anayamba kuyenda chobwerera. Moyo ndi umene unafalikira.

Yesu sananene kuti Mose analakwitsa. Wakhate uja anamutuma kwa wansembe kuti akapereke zimene Mose analamula, ndipo pa Mateyu 5:17 akuti sanadzere kupasula chilamulo koma kukwaniritsa. Levitiko ankati imfa isayandikire Mulungu wa moyo. Mwa Yesu, Mulungu wa moyo anayandikira imfa yekha n'kuigonjetsa. Cholinga ndi chimodzi, kuti moyo upambane.

Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, anapeza mawu abwino kwambiri pa Agalatiya 3:24, pomwe anati chilamulo chinali namkungwi wathu wotifikitsa kwa Khristu. Inu mukudziwa bwino kuposa ine ntchito ya namkungwi. Namwali ali m'tsimba amakhala ndi malamulo ake: satuluka, sayankhula ndi aliyense, amaweramitsa mutu. Tsiku lotuluka likafika, malamulo a m'tsimba amathera pomwepo, ndipo palibe amene amati namkungwi ananama. Koma mwambo umene anamulangiza, ulemu kwa akulu, kudzisunga, kusamala pakhomo, umapita naye mpaka ukalamba. Mayi wa ana atatu amene akuweramitsabe mutu ngati ali m'tsimba sanamumvetse namkungwi wake, ndipo wotaya mwambo wonse chifukwa watuluka, nayenso sanamumvetse. Kalata ya kwa Ahebri 9:10 imatchula za zakudya, zakumwa ndi masambidwe osiyanasiyana kuti anali malamulo a thupi oikidwa kufikira nthawi yokonzanso zinthu.

Ndipo musaganize kuti mtima wotsegula chitseko unayamba ndi Chipangano Chatsopano. Mfumu Hezekiya atayitana anthu ku Paskha, ambiri ochokera kumpoto anadya asanadziyeretse, mosemphana ndi zolembedwa. Hezekiya anawapempherera kuti Yehova wabwino akhululukire aliyense amene waika mtima wake pa kufuna Mulungu, ngakhale sanayeretsedwe monga mwa malamulo a malo opatulika, ndipo Yehova anamumvera (2 Mbiri 30:18-20). Ndime imeneyi ndimalakalaka ikanamawerengedwa tsiku lililonse la Mgonero.

Mpingo wakale unalimbana nalonso funso lanu la msambo, ndipo sunayankhule ndi pakamwa pamodzi. Dionysius, bishopu wa ku Alexandria m'zaka za m'ma 200, analemba kuti mayi wotere asayandikire tebulo lopatulika, ndipo mipingo ina ya kum'mawa inasunga zimenezo. M'zaka zomwezo buku la malangizo a mpingo la ku Syria lotchedwa Didascalia linauza amayi kuti asadzipatule ku pemphero ndi ku Ukaristiya, pakuti Mzimu Woyera sachoka mwa munthu masiku 7 pa mwezi. Cha m'ma 601, Augustine wa ku Canterbury, amene anatumidwa kukalalikira ku England, anafunsa Papa Gregory funso lomwe mwafunsali. Yankho limene linasungidwa likuti mayi asaletsedwe kulowa m'tchalitchi kapena kulandira Mgonero, chifukwa zimene chilengedwe chimabweretsa si mlandu, ndipo chitsanzo chimene anapereka ndi mayi uja wokhudza chovala cha Yesu. Zikhulupiriro zolembedwa za mipingo imene inadzabzala kuno zikugwirizana ndi zimenezi. Mfundo ya 7 mwa mfundo 39 za Anglican ikuti malamulo a Mose a miyambo ndi mapembedzedwe samanga Akhristu, ngakhale malamulo a makhalidwe amawamanga onse. Chivomerezo cha Belgic cha 1561, cha mipingo ya Reformed kumene kunachokera amishoni amene anafika pa Mvera mu 1889, chikunena pa mfundo ya 25 kuti miyambo ndi zithunzi za chilamulo zinatha pa kubwera kwa Khristu, koma choonadi chake chikhalabe mwa iye.

Nanga ngati ziphunzitso zolembedwa zili chonchi, lamulo la amayi achikulire lija likuchokera kuti? Ine ndimaona kuti mizu yake yambiri ili m'mudzi, osati mu Levitiko. Makolo athu anali kale ndi chiphunzitso cha kutentha ndi kuzizira, cha mdulo ndi tsempho. Mayi ali kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amaitana kamwana kuti kathire. Wobereka amakhala m'chikuta. Ochokera kumanda amasamba asanalowe m'mudzi. Baibulo litafika m'Chichewa, agogo athu anawerenga Levitiko n'kumuzindikira ngati wachibale, ndipo ziwirizi zinalukana mpaka lero sitidziwa kuti ulusi uwu ndi wa Mose kapena wa agogo. Za mchere, mwachitsanzo, Levitiko 15 sazitchula n'komwe. M'miyambo imeneyi munali nzeru zina. Chikuta chinkamupatsa mayi mpumulo ndi kuteteza khanda ku manja ambiri. Masiku amene kunalibe zovalira zodalirika, kukhala maola atatu pa mkeka wa m'tchalitchi kunali kovuta, ndipo kumuuza mtsikana kuti apume kunali kumuchitira chifundo. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo sindikufuna muwayankhe mwachipongwe. Koma mpumulo ukasanduka chiletso, chiletso n'kuvekedwa dzina la Mulungu, pamenepo tiyenera kuyankhula. Mdulo uli ndi mbali ina yowawa: mwamuna akayamba kutsokomola n'kumaonda, kapena mwana akatupa miyendo, chala chimaloza mayi kuti anathira mchere, pamene wodwalayo akufunika kupimidwa chifuwa chachikulu kapena kunyentchera kuchipatala. Zimenezo tisazibatize.

Anansi anu Achisilamu ali ndi lamulo lawo loti mayi ali kumwezi saswali ndiponso sasala kudya, ndipo masiku a Ramadani amene waphonya amadzabweza. Limenelo ndi lamulo la chipembedzo chawo, lolembedwa m'mabuku awo, ndipo nawonso salitcha tchimo la mayiyo. Tiwalemekeze nalo. Koma Mkhristu asatengere kuti poti kumzikiti amatero, kutchalitchinso ziyenera kutero.

Wina atha kumva zonsezi n'kunena kuti basi, zonse n'zololedwa. Ameneyo sanawerenge Marko 7 mpaka kumapeto. Yesu sanachepetse chiyero, anachikulitsa. Mndandanda wa pa mavesi 21 ndi 22 ndi woopsa kuposa Levitiko 11: dama, kuba, kupha, chigololo, umbombo, chinyengo, kaduka, mwano, kudzikuza. Kusiya mlamba n'kosavuta poyerekeza ndi kusiya kaduka. Ndipo zambiri za Levitiko zikugwirabe ntchito lero monga kale. Lamulo lakuti uzikonda mnzako monga udzikonda wekha lili pa Levitiko 19:18. Mutu womwewo ukuti malipiro a waganyu asagone kwa iwe mpaka m'mawa, ndipo miyeso yako ikhale yoona. Wogula nsomba pagombe amene amabwera ndi chidebe chofutukuka pogula, n'kukagulitsa ndi chophwanyika pansi, ndiye wodetsedwa weniweni malinga ndi Levitiko, ngakhale atakhala kuti kampango sanamulawepo. Njira yodziwira lamulo limene likupitirira ndi kuona ngati Yesu ndi atumwi akulibwereza kwa Akhristu a mitundu ina. Za chilungamo, ukwati, mafano ndi chifundo akuzibwereza kawirikawiri. Za mamba a nsomba ndi masiku a msambo sakuzibwereza paliponse. Pamene Paulo akuti munthu adziyese yekha asanadye Mgonero (1 Akorinto 11:28), mlandu umene akudzudzula ndi wa olemera amene ankadya n'kukhuta, osauka akuyang'ana ndi njala. Funso lodzifunsa patebulo ndi lakuti ndamuchita chiyani mbale wanga, osati lakuti lero ndi tsiku lanji la mwezi.

Msonkhano wa ku Yerusalemu uja, cha m'ma 49, unagamula kuti a mitundu ina asasenzetsedwe goli la chilamulo chonse, koma apewe zinthu zinayi: zoperekedwa kwa mafano, dama, nyama zopotola ndi magazi (Machitidwe 15:20). Nkhumba mulibe, nsomba mulibe. Zambiri mwa zinayizi zinali zothandiza kuti Myuda ndi wamitundu athe kudyera mbale imodzi popanda wina kunyansidwa. Anthu a ku Nkhotakota simufunika kuphunzitsidwa nzeru imeneyi. Chisilamu chinafika kumeneko ndi a Jumbe m'zaka za m'ma 1840, a Anglican anadzakhazikika m'zaka za m'ma 1890, ndipo kuyambira pamenepo mabanja ambiri ali ndi achibale mbali zonse ziwiri. Pa maliro kapena pa ukwati wa Mkhristu, mbuzi ikamangidwa pamtengo, mumamva wina akufuula kuti itanani a Shehe kapena mnyamata wa kumzikiti adzazinge. Mwini mbuziyo sakhulupirira kuti akazinga yekha nyamayo ikhala yodetsedwa. Akungofuna kuti malume ake Achisilamu asakhale ndi njala pa maliro a mlongo wawo. Amenewo ndi Machitidwe 15 ndi Aroma 14 akuyenda ndi miyendo, ndipo ambiri ochita zimenezi sadziwa n'komwe kuti zalembedwa.

Choncho kampango wa amuna anuwo idyani ndi kondowole wanu, mukuyamika Mulungu, pakuti Paulo akuti cholengedwa chilichonse cha Mulungu n'chabwino chikalandiridwa ndi chiyamiko (1 Timoteo 4:4). Mnzanu wa Sabata akabwera kudzacheza, muphikireni usipa kapena chambo, m'mphika wina umene simunaphikemo mlamba, ndipo musamuyese pomubisira kanthu m'ndiwo. Aroma 14:3 akumanga nonse awiri: wakudya asapeputse wosadya, wosadya asaweruze wakudya. Iye akusiya mlamba chifukwa cha Ambuye, inu mukudya chifukwa cha Ambuye yemweyo.

Za Mgonero, yankho langa ndi lakuti pitani. Palibe vesi la Chipangano Chatsopano limene likukuletsani, ndipo amene akukuitanani patebulopo ndi yemwe uja anaima pakati pa khamu kufunafuna mayi wokha magazi kuti amutche mwana wake. Ngati tsikulo m'mimba mukupota ndipo mukufuna kugona kunyumba, gonani, koma chifukwa chake chikhale ululu, osati manyazi. Ngati mtima wanu sunamasukebe, musadzikakamize sabata ino, pakuti Paulo akuti chochita mokayika sichichokera m'chikhulupiriro (Aroma 14:23). Werengani Marko 5 kangapo, pempherani, nthawi ilipo. Kenako kakambiraneni ndi amayi busa panokha, muwapemphe kuti pa msonkhano wa amayi tsiku lina muwerenge Levitiko 15 yense kuyambira vesi 1, n'kutsatiza Marko 5:25-34, ndipo amayi achikulire aja apatsidwe mpata woyamba kunena zimene akuonamo. Muyitanenso atsikana amene angolowa kumene mu mpingo, chifukwa iwowo amaphunzira poona zimene inu mukuchita mbale ikafika pa mzere wanu.